Kesi Yokwana M'chikwama cha M'ndege

Mtchona analowa mu shopu ya makompyuta atapanira laputopu m'khwapa ngati nkhuku yodwala.

Dzina loti Mtchona anamupatsa ndi mlongo wake tsiku lomwe anatsika ndege, atakhala kunja zaka zoposa khumi, ndipo linamukakamira. Nyumba yomwe munali shopuyo ankaidziwa bwino. Kale inali sitolo ya mabuku, momwe ankaima masana onse kuwerenga ulere mpaka mwini wake atayamba kutsokomola dala. Tsopano anali ataiduladula tizipinda ta magalasi, ndipo aliyense ankagulitsa mafoni, machaja ndi zikopa za mafoni.

Tauni yonse inali itatero. Holo ya kanema inasanduka tchalitchi. Pabwalo la mpira anamangapo malo omwetsera mafuta. Anzake akale ena anali kumanda, ena anali mabwana osayankha foni.

M'kachipinda ka kumapeto munali mtsikana atawerama patebulo, kasikuludalaiva kali kukamwa. Amalonda anzake ankamutcha Namagetsi.

"Odi, chemwali. Eni shopu alipo?"

Mtsikanayo anachotsa kachitsulo kukamwa. "Mukulankhula nawo. Kapena mumayembekezera a ndevu?"

Mtchona anaseka mwamanyazi. "Ndikufuna mundimangire kompyuta ya magemu. Yamphamvu kuposa zonse. Khadi ya zithunzi ikhale ija yaikulu kwambiri."

"Aliyense wolowa pakhomopo amatero. Mumasewera chiyani?"

"Ndimamanga tauni."

"Simuwombera anthu? Simuthamangitsa galimoto?"

"Ayi. Ndimangomanga."

Anatsegula laputopu ija. Fani yake inayamba kulira ngati chigayo, ndipo chithunzi chinabwera monyinyirika. Panaoneka misewu ya mitengo mbali zonse, holo ya kanema, bwalo la mpira, ndi sitolo ya mabuku pakona.

Namagetsi anayang'anitsitsa. "Koma iyi ndi tauni yathu ino."

"Momwe inalili."

"Nanga zinyalala zili kuti? Maenje a mumsewu?"

"Meya wake ndine. Sindilola."

Apo ndi pomwe mtsikanayo anamuyang'ana kumaso koyamba. Anali ndi kampata m'mano, ndipo akamaseka diso lakumanzere linkatsinzina lokha.

"Chabwino, a meya. Gemu yanuyi sidya kwambiri khadi ya zithunzi. Munthu aliyense woyenda mumsewumo, galimoto iliyonse, kompyuta imayenera kumuganizira komwe akupita. Imeneyo ndi ntchito ya pulosesa, ubongo wake, komanso memore yambiri yosungira maganizowo. Khadi yapakatikati ikukwanani. Mukagula yaikuluyo mukhala ngati munthu wogula nsapato zodula pamene chikumuwawa ndi mutu."

Mtchona anatuluka atasiya nambala yake ya foni. Mtima wakenso anausiya momwemo, koma anazindikira atafika kale kunyumba.

Namagetsi sankagulitsa zida zonse tsiku limodzi. Ankati kompyuta ili ngati banja: ukatengera maonekedwe, zimakanganirana m'kati. Choyamba anasankha pulosesa. Kenako madabodi, bolodi lomwe zida zonse zimakhalapo, loyenerana ndi pulosesayo. Chida chilichonse chinkafuna kuti Mtchona abwere adzachione yekha, ndipo iye sankadandaula.

"Memore yafika. Mubwera kapena meya ali pa msonkhano?" unatero uthenga wa pafoni m'mawa wina.

"Msonkhano ndauthetsa. Makhansala akulira."

Sabata yotsatira "mu" waulemu uja anali atagwa yekha m'mauthenga awo.

"Wadya, meya wanga?"

"Ndadya, koma sindinakhute. Sindinakuone lero, magetsi anga."

"Usandikometse. Ine ndine magetsi othimathima."

"Ukathima ndidzakhala mumdima momwemo kukudikira."

Madzulo Namagetsi akatseka shopu, Mtchona ankamuperekeza kokwerera basi. Mtchona ankaloza nyumba iliyonse n'kumanena chomwe chinalipo kale. Apa panali telala wosoka masuti. Apo panali mtengo waukulu.

"Iwe umayenda ndi anthu akufa okhaokha," Namagetsi anamuuza tsiku lina. "Ine ndili pambali pakopa, wamoyo, ndavala diresi yatsopano, koma ukundionetsa chitsa."

"Diresiyo ndaiona kalekale. Ndimaopa kuti ndikaiyamikira ndilephera kusiya."

"Pakamwa pako mpokoma. Mpamene pamandiopsa."

Basi inabwera, koma sanakwere. Anakhala pabenchi, ndipo Namagetsi anamuuza za mwamuna wina yemwe anali naye kale. Naye anali wa pakamwa pokoma. Anapita kunja "kwa miyezi yochepa chabe." Namagetsi anadzangoonera pafoni ya mnzake mwana wachiwiri wa mwamunayo ndi mkazi wina.

"Ndiye ndikufunse kamodzi kokha, sindidzabwerezanso. Unabwereratu?"

Mtchona anamugwira dzanja. "Ndinabwereratu, mtima wanga. Mafupa anga adzagona konkuno."

Kodi linali bodza? Pamene ankanena, iye ankakhulupirira. Koma mufoni yomwe inali m'thumba mwake munali uthenga womwe anali asanauyankhe. Kunja kuja ankakonza zikepe za m'nyumba zitalizitali, ndipo kampani yake yakale inkamufunanso, nthawi ino ngati kapitawo. Inamupatsa mpaka kutha kwa nyengo yozizira kuti aganize.

Kuno nyumba zokhala ndi zikepe zinali zowerengeka, ndipo chikepe chikafa anthu ankangokwera masitepe. Kulikonse komwe anakafunsira ntchito ankamuuza kuti, "Tikuimbirani." Ankagona m'chipinda cha alendo kwa mlongo wake, ndipo alamu ake anali atayamba kumufunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Mapulani akuyenda bwanji, alamu?"

Tsiku losankha kesi, bokosi lomwe zida zonse zimalowamo, Namagetsi anatulutsa yaikulu yakuda, ya mafani atatu kutsogolo.

"Kuno kumatentha, ndipo tauni yakoyo imaotcha pulosesa. Chozizitsira chomwe ndakusankhira n'chachikulu ngati njerwa. Chimafuna nyumba yopita mphepo."

Mtchona anainyamula. Inali yolemera, yosakumbatirika ndi dzanja limodzi. Mumtima mwake munadutsa funso lomwe sanalinene: chinthu ngati ichi munthu angakwere nacho ndege?

Funsolo linagona naye, linadzuka naye. Sanaganize zopita, ayi. Ankangofuna kuti khomo lisatsekeke. Kodi kusunga ambulera ndiye kuitana mvula?

Masana ena analowa m'nyumba ya mashopu ija kudzera khomo lakumbuyo, kuti asadutse pa Namagetsi. Kumeneko kunali bambo wina wa mimba yake yemwe anthu ankamutcha Ziliko, chifukwa chilichonse chomwe ungafunse, yankho lake linali lomwelo.

"Muli ndi kesi yaing'ono? Ija ya chogwirira pamwamba?"

"Ziliko, bwana. Yaing'ono bwanji?"

"Yoti ikwane m'chikwama chokwera nacho m'ndege."

"Ziliko. Zida zake muli nazo kale?"

Mtchona anatchula pulosesa, madabodi ndi khadi ya zithunzi.

"Khalani apa, ndikatenge ku sitoko."

Zaka za kunja zinali zitamuiwalitsa chinthu chomwe aliyense wogula m'tauni amachidziwa. Kuno sitoko ya wamalonda ndi shopu ya mnzake. Ukamva kuti "ndikatenge," ndiye kuti akukabwereka pakhomo lina, ndipo kumeneko amafotokoza zonse: wogula ndani, akufuniranji, wavala chiyani.

Ziliko anabwera chimanjamanja. Kumbuyo kwake kunali Namagetsi, atanyamula kakesi koyera ndi zala ziwiri.

"Mayiwa akuti abwere okha," anatero Ziliko akupukuta thukuta. "Akuti zida mwatchulazo akuzidziwa."

Namagetsi anaika kesiyo pagalasi pang'onopang'ono. Sanakweze mawu.

"Kasitomala wanu ndi awa, a Ziliko?"

"Magetsi anga, tandimvera..."

"Ndikufotokozereni za katunduyu, bambo. Madabodi yanu silowa umu, mufunika yaing'ono. Chozizitsira chija sichilowa. Khadi ya zithunzi ndi yaitali, chitseko sichitseka. Zonse zomwe tinasankha muyenera kuzisintha." Anagogoda kakesiko ndi chala. "Koma m'chikwama cha m'ndege imakwana bwinobwino. Ndagulitsapo zingapo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera nayo kudzakonzetsa."

"Sindinavomere ntchitoyo. Sindinaganize n'komwe."

"Kani pali ntchito?"

Mtchona anaona kuti wadziulula yekha. Ziliko anayamba kufunafuna chinthu pansi pa kauntala, ndipo sanadzukenso.

"Akundifuna kuja ndinali. Koma sindinayankhe."

"Bodza lake ndi limenelo. Pabenchi paja simunanene kuti mukuganiza. Munanena za mafupa." Diso lakumanzere lija linali litadzaza misozi, koma sinagwe. "Ndinakufunsani kamodzi. Mukanati simukudziwa, ndikanadziwa pogwira mtima wanga. Inu mwandisiya ndiumasule wonse."

Anatembenuka n'kumapita. Kakesi kaja anakasiya pomwepo.

Mauthenga a Mtchona anayamba kugwera m'chitsime.

"Mtima wanga, ndilole ndifotokoze."

"Ndalakwa. Ndiyankhe ngakhale ndi chipongwe."

"Popanda iwe tauni ino ndi ya alendo."

Onse ankaonetsa kuti awerengedwa. Yankho silinabwere.

Mlongo wake anamupeza Loweruka m'mawa atakhala pakhonde, tiyi atazizira m'kapu.

"Achimwene, mwadwala kapena mwakanidwa?"

Anamufotokozera zonse. Mlongoyo anamvetsera akusita yunifolomu ya ana, osadukiza.

"Ndinene zoona?"

"Unayamba wandinamizapo iwe?"

"Inu munabwera thupi lokha. Sutikesi yanu ija mpaka lero simunaitsitse pamwamba pa wadiropu, malaya a mphepo akadali momwemo opindapinda. Muli kunja munkalira kwanu. Mwafika kwanu mukulira kwanu kwina komwe kulibe. Mtsikanayo alowe pati? Nayenso mukufuna mumupinde?"

"Kuno kulibe ntchito yanga."

"Kulibe zikepe. Ntchito iliko. Geti ya magetsi ya aneba inafa chaka chatha, pampu ya madzi kusukulu kwa anawa imangolira. Koma poti inu ndinu a nyumba zitalizitali..."

Masana amenewo anatsegula laputopu. Tauni yake inabwera, yoyera, ya mitengo, anthu ake akuyenda mwadongosolo. Anayendetsa chithunzi mpaka pakona ya sitolo ya mabuku. Zaka zonse zija za chipale chofewa ndi chipinda chimodzi, tauni imeneyi ndi yomwe inkamusunga. Koma anaona tsopano kuti pamalo pomwe panayenera kukhala kachipinda ka kumapeto, ka tebulo lodzaza mawaya, panali mashelefu a mabuku. M'tauni yomwe ankaikonda chonchi, Namagetsi analibemo malo.

Anatseka laputopuyo. Anatenga foni n'kulembera kampani ija kuti zikomo, koma sabwera.

Lolemba analowera khomo lakutsogolo. Namagetsi anali akumanga mawaya m'kompyuta ya munthu wina.

"Ndawakana. Taona wekha." Anamutambasulira foni.

Mtsikanayo sanaiyang'ane. "Foni imalonjeza bwino kuposa pakamwa. Uthenga wina ukhoza kutsatira mawa."

"Ndiye ndichite chiyani kuti ukhulupirire?"

"Palibe. Chimenecho sichigulidwa pa kauntala." Anapukuta manja pa epuloni. "Zida zanu zilipo zonse. Ndimange mu kesi iti?"

"Mu yaikulu."

"Musasankhe kuti mundisangalatse. Yaikulu nayo imagulitsika tsiku lonyamuka."

"Mu yaikulu, chonde."

Anaimanga iye akuonerera. Zida anayamba waziyala pamwamba pa katoni, n'kuziyatsa zili poyera, monga ankachitira nthawi zonse, kuti ngati pali chakufa chidziwike asanamange masikuluwu. Mafani anazungulira. Kenako anazilowetsa m'kesi chimodzichimodzi. Atamaliza anaikankhira kwa iye.

"Ntchito yanga yatha, bambo. Muyende bwino."

Mtchona anainyamula ndi manja awiri mpaka kokwerera basi. Kondakitala anafuna kuti kompyutayo ikhale pa mpando wakewake.

Nyengo yozizira inatha. Tsiku lomwe akananyamuka linadutsa iye ali pamwamba pa makwerero, akukonza geti ya aneba. Aneba anauza anzawo, anzawo anauza ena. Anakonza pampu ya kusukulu. Kampani ina yaing'ono yoika mapampu ndi mageti inamutenga. Anapeza kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi msewu wafumbi, ndipo malaya a mphepo aja anawapereka kwa alamu ake, omwe anawalandira mokondwa kuposa momwe kunafunikira.

Malonjezo anasiya kulemba. Ankangotumiza nkhani za tsikulo.

"Lero galu wa kasitomala wandithamangitsa mpaka pamwamba pa thanki. Ndakonza pampu ndili komweko."

"Ndagula makatani. Mlongo wanga akuti ndi a mtundu wa chipatala."

"Ndadutsa pa tchalitchi chija chinali kanema. Amaimba bwino, ndisaname."

Onse ankawerengedwa. Yankho silinkabwera. Masiku ena ankadzifunsa ngati sakulankhula ndi khoma. Kodi mtima ukatsekedwa kawiri umatsegukanso? Koma m'mawa mwake ankalembanso.

Kunabwera miyezi ya mphepo ndi dzuwa, yomwe fumbi limalowa ngakhale m'kabati yotseka. Kompyuta ija inayamba kulira. Mafani ankathamanga ngati akuthawa, ndipo tsiku lina inangozima yokha pakati pa gemu. Mtchona anaiyatsanso, inazimanso.

Anaima pakhomo la kachipinda ka kumapeto ataikumbatira, thukuta lili kamukamu. Ziliko, yemwe ankadutsa ndi katoni, anabwerera m'mbuyo n'kupeza chifukwa choimira pafupi.

"Odi. Ndabwera ngati kasitomala."

Namagetsi anadzutsa mutu. Anali atameta tsitsi, ndipo anaoneka woonda pang'ono.

"Yatani?"

"Ikutentha, kenako ikuzima."

"Ikani apa."

Anamasula masikuluwu, n'kuchotsa chitseko cha kutsogolo. Kasefa kotchinga mafani sikankaonekanso. Panali bulangete la fumbi lofiirira, lokhuthala ngati chala, ndipo lina linali litamatirira pa chozizitsira chija. Namagetsi analikhudza ndi chala n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Simunaipukutepo chiitengereni?"

"Kunja kuja sindinkapukuta. Ndinaiwala kuti kuno fumbi limalowa popanda odi."

"Ili ndi fumbi la miyezi." Mawu ake anatsika. "La mumsewu wosathira phula. Muli ulusi wa makatani, muli mapiko a tizilombo..."

"Ndimakhala konkuno. Ndinakuuza."

"Unandiuza, inde." Anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inatsika, ndipo anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja n'kusiya mzere wa fumbi patsaya. "Makompyuta a anthu apaulendo ndimawadziwa. Amakhala oyera ngati mbale za alendo. Iweyo yako yauve chonchi!"

"Ndiye ndakhululukidwa chifukwa cha uve?"

"Ndani wanena zokhululuka?" Anatsegula kabati, n'kutulutsa kabulashi kofewa. "Gwira. Upukute wekha, pang'onopang'ono, ndipo fani uziigwira ndi chala isazungulire. Ine sindichotsa fumbi la mwamuna yemwe sanaonekere kwathu."

Mtchona anaima ndi bulashi m'manja. "Kwanu?"

"Mayi anga atopa kundifunsa kuti ndani amene amandiseketsa pafoni m'mawa uliwonse ine osamuyankha. Nkhani ya galu ija ndinawawerengera. Akuti munthu wothawira pa thanki osasiya sipanala akufuna amuone ndi maso." Anamuyang'ana, diso lakumanzere litatsinzina. "Lamlungu masana. Ndipo ukakafika usakalonjeze kanthu. Ukangokhala pansi, udye, uchedwe kunyamuka."

"Ndidzachedwa mpaka adzandithamangitse."

"Wayambanso pakamwa paja. Pukuta."

Pakhomo Ziliko anatsokomola. "Ngati pafunika suti ya Lamlungu, bwana..."

"Tikudziwa, a Ziliko," anatero Namagetsi osatembenuka. "Ziliko."

Mtchona anawerama n'kuyamba kupukuta. Fumbi linauluka, linamulowa m'mphuno ndi m'maso, ndipo anayetsemula mpaka misozi. Namagetsi anakoka mpando wina n'kuuika pambali pa wake.